Makamera ankazima usiku, mlandu n'kugwera ife

Kwa miyezi ingapo m'chaka cha 2022 ndinkayenda chowerama pafakitale imene ndimagwirapo ntchito. Ndikalowa m'kantini anthu ankadula nkhani zawo, ena n'kumatsinana. Ndine mmisiri wa zamagetsi, ndipo fakitale yathu ili kunja kwa mzinda wa Lilongwe. Timagaya chimanga ndi soya n'kusakaniza chakudya cha nkhuku ndi nkhumba. Ndaganiza zopereka umboni uwu chifukwa chinthu chimene chinatsala pang'ono kundigoneka m'chitokosi chilinso m'mafakitale ena, m'mashedi a katundu ngakhale m'masukulu, ndipo amene amavutika nacho kawirikawiri ndi anthu osalakwa, osowa kokadandaula.

Matumba a soya anayamba kusowa m'shedi ya kumbuyo. Makamera analipo, asanu ndi atatu, oikidwa ndi kampani ina ine ndisanalembedwe ntchito. Abwana akakhala pansi kuti aone zimene zajambulidwa, za masana zinkaoneka bwinobwino, mpaka nambala za malole. Koma dzuwa likangolowa, makamera atatu ankada bii: ya pachipata cha kumbuyo, ya pakhomo la shedi, ndi ya pasikelo yoyezera malole. Nthawi zina ankayaka kamphindi n'kuzimanso, choncho mpaka mbandakucha. Kukacha onse ankadzuka okha. Asanu enawo, kuphatikizapo yoyang'ana pamene mabwana amaimika galimoto zawo, usiku wonse sankaphethira n'komwe.

Sindingawaimbe mlandu abwana pa zimene anaganiza, chifukwa aliyense akanaganiza zomwezo. Makamera okhawo oyang'ana kumene katundu akutulukira, kuzima pa nthawi yeniyeni imene akuba akufuna? Ndiye kuti alipo akuzimitsa dala. Kiyi wa bokosi la mawaya ankakhala m'thumba mwanga. Pachipata usiku pankakhala alonda. Alonda awiri anachotsedwa ntchito, mmodzi mnyamata, enawo bambo achikulire a ku Dedza amene anatumikira pamalopo kuyambira fakitale ikumangidwa. Ine anandiitanitsa ku ofesi.

"Bambo, sitikunena kuti mwaba," anatero abwana, "koma kiyi muli naye ndinu. Pofika kumapeto kwa mwezi uno mutiuze chimene chikuzimitsa makamerawa. Kupanda kutero, mukafotokoza ku polisi."

Limeneli silinali vuto lokhalo. Chigayo ndi makina osakanizira chakudya zimalamulidwa ndi kakompyuta kolimba kotchedwa PLC. Kameneka ndi kamene kamadziwa kuti mosakanizira mulowe makilogalamu angati a chimanga, angati a soya, angati a madeya, ndipo kamauza mota iliyonse nthawi yoyamba kuzungulira ndi liwiro lake. Kamalankhulana ndi masikelo, ndi ma drive olamulira liwiro la mamota, komanso ndi sikirini ya m'chipinda cha oyendetsa makina, zonsezi kudzera m'mawaya a netiweki. Dzuwa la Okutobala litafika, chakumasana kulankhulanaku kunkaduka. Makina ankaima ntchito ili pakati, sikirini n'kufiira, ndipo PLC ikasiya kumva sikelo munthu sangadziwenso kuti mwalowa zochuluka bwanji. Chakudya chosakanizidwa molakwika sichigulitsidwa kwa mlimi, pakuti nkhuku zake zikapanda kunenepa kapena kuikira adzabwera ndi ukali, ndipo adzakhala akulondola. Matani athunthu ankabwezedwa kukayambiranso. Ena anayamba kunena kuti ndikuononga makina dala kuti ndizilandira za ovataimu. Ena ankanong'ona za mankhwala, amvekere pamalo pano payenda munthu.

Chimene chinasokoneza kwambiri mitu ya anthu chinali kuthimathima kwa magetsi. Mu Januwale chaka chimenecho namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankagawidwa mosinthana. Ife tinkadalira jenereta. Chilichonse chikavuta yankho linali lokonzeratu, kuti ndi magetsi basi. Koma nditayerekeza buku la jenereta ndi nthawi zimene makamera ankazima, ndinapeza kuti ankazima ngakhale usiku umene magetsi sanathime ndi kamodzi komwe. Izi m'malo mondithandiza zinangolimbitsa mlandu wanga.

Kunyumba tulo tinatisowa. Nkhani inali itafika kale m'dera lathu, ndipo tsiku lina mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu akulira, anzake atamuuza kuti bambo ake amagulitsa soya wakuba. Pa zonse zimene ndinakumana nazo, palibe chinandilasa mtima kuposa misozi ya mwanayo. Tinkagwada ndi mayi a kunyumba usiku uliwonse, ndipo pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, manja anga mukuwadziwa, ndionetseni chimene maso anga sakuona. Mayi a kunyumba ndiwo anati, "Abambo, inu mumaweruka dzuwa likadalipo, pamene chinthuchi chimachitika usiku. Bwanji osakagona komweko?"

Kumpingo kwathu kuli madala ena amene anagwira ntchito zaka zambiri m'migodi ya kopa ku Kitwe, ku Zambia, akusamalira zipangizo zoyezera ndi zolamulira makina. Nditawafotokozera zonse anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwana wanga, usathamangire kufunsa kuti akuzimitsa ndani. Funsa kuti chimasintha n'chiyani dzuwa likalowa. Makina sadziwa kuti kunja kuli akuba, koma amadziwa kuti kwada. Ndipo usapite wekha, tenga mboni."

Ndinapempha chilolezo, abwana n'kundipatsa akapitawo a shifiti ya usiku kuti akhale nane. Tinatsegula bokosi lija dzuwa litapendeka. M'katimo munali switch, kachipangizo kamene mawaya onse a netiweki amakumanapo. Pano ndifotokoze pang'ono, chifukwa nkhani yonse inagona m'menemo. Makamera ambiri a masiku ano sakhala ndi waya wa magetsi wapadera. Chingwe chimodzi chomwecho, chokhala ndi timawaya tisanu ndi titatu topotana tiwiritiwiri, chimanyamula zithunzi kuchoka ku kamera, ndiponso magetsi kupita ku kamera. Amisiri amangoti PoE. Magetsiwo amachokera mu switch, ndipo amakhala a mavolti pakati pa 44 ndi 57, a mtundu wa m'batire. Switch yotsata malamulo simangothira magetsi chisawawa. Imayamba yagogoda ndi mavolti ochepa, osaposa 10, kuti ione ngati kumapeto kwa chingwe kuli chipangizo chodziwa kulandira, chimene chimazindikirika ndi resistance ya ma ohm 25,000. Ikachipeza m'pamene imatsegula. N'chifukwa chake munthu akalumikiza kompyuta wamba pamenepo siipsa. Bungwe la IEEE linakhazikitsa malamulo a zimenezi mu 2003, kulola mawati 15.4 pa port imodzi, ndiko kuti polowera chingwe chimodzi. Mu 2009 anakweza kufika pa 30, ndipo mu 2018, pogwiritsa ntchito timawaya tonse tisanu ndi titatu, anafika pa 90.

Akapitawo anakaima panja pansi pa kamera ya pakhonde, ine maso ali pabokosi. Mdima utayamba kugwa anafuula, "Amisiri, yalira kuti thi, ndipo yatulutsa timaso tofiira!" Posakhalitsa, pa switch panayaka kanyali kamene masana sikankayaka, kosonyeza kuti mphamvu zafika pamapeto. Kenako nyali ya port ya nambala 8 inazima, n'kutsatira ya 7, n'kutsatira ya 6. Manja anga anali kumbuyo, akapitawo atabwerera kale kudzaima pambali panga. Anagwira pakamwa. Patapita kamphindi switch inayesa kuwapatsanso magetsi makamerawo, iwo n'kuyamba kudzuka, koma atangoyatsa timaso tawo anadulidwanso.

Kamera imaona mumdima chifukwa imayatsa timababu ta infrared, kuwala kumene diso la munthu siliona kupatula kufiira pang'ono kuja. Timababuti timadya magetsi. Nditayeza, kamera iliyonse masana inkatenga mawati pafupifupi 5, koma usiku inkafika pa 11. Pakatoni ya switch panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti port iliyonse ingathe kupereka mawati 30, ndipo zimenezo si bodza. Koma nditaitembenuza, kunsi kwake kunali tizilembo ting'onoting'ono tonena kuti ma port onse pamodzi sangapose mawati 65. Zili ngati mayi wokhala ndi mbale zazikulu zisanu ndi zitatu koma poto mmodzi wa nsima: kukula kwa mbale sikuwonjezera ufa. Masana makamera onse pamodzi ankadya mawati 40, zonse n'kuyenda. Usiku ankafuna 88. Switch ikaona kuti zoipempha zapyola zimene ili nazo imadula ena kuti ipulumutse ena, ndipo zambiri zotsika mtengo zimayamba kudula ma port a manambala akumapeto. Amene anaika makamerawo anayamba kulumikiza a pafupi ndi ofesi, n'kumalizira a kutali, kumbuyo kwa shedi. Choncho makamera ofunikira kwambiri ndiwo anakhala kumapeto kwa mzere.

Nanga akuba ankadziwa bwanji? Sanafunikire kiyi kapena mnzawo wa m'kati. Aliyense wodutsa kuseri kwa mpanda usiku akanatha kuona kuti kamera ya pachipata ilibe timaso tofiira tija.

Usiku umenewo ndinalira, pamaso pa akapitawo, ndipo sindinachite nazo manyazi.

M'mawa mwake ndinapitiriza kufufuza, chifukwa vuto la makina osakanizira linali lisanadziwike gwero lake. Ndinalondola chingwe chochoka ku PLC ndipo chinandifikitsa pa switch yomweyo. Makina a ndalama zankhaninkhani ankadalira kachipangizo kopangidwira ofesi, kamene pepala lake limanena kuti kazigwira ntchito pamalo osatentha kuposa madigiri 40. Bokosi lake lachitsulo linakhomedwa pakhoma loyang'ana kumadzulo, pansi penipeni pa malata. Nditaikamo choyezera kutentha, chakumasana chinadutsa madigiri 50. Kafani ka m'kati mwa switch kanali katamatirira ndi fumbi la ufa wosakanikirana ndi mafuta a soya, sikankazunguliranso. Ikatenthedwa inkazima yokha n'kuyambiranso, ndipo masekondi amenewo anali okwanira kuti PLC itaye masikelo ndi ma drive ake. PLC inkachita bwino kuimitsa makina, chifukwa inapangidwa kuti ikasiya kumva anzake isapitirize mwakhungu.

Zingwe nazo zinali ndi nkhani yake. Nditapala kawaya kamodzi ndi mpeni, kufiira kwa kopa kunachoka, m'kati n'kuoneka zoyera. Anali aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba, amene m'masitolo amagulitsidwa motchipa pansi pa dzina lakuti CCA. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo atatu mwa asanu a mmene kopa amachitira, motero mavolti ambiri amathera m'njira ngati kutentha, komanso amathyoka msanga polumikizira. Pa intaneti ya mu ofesi munthu angathe kukhala naye zaka osadziwa. Koma chingwe chikamanyamulanso magetsi, chinyengocho chimaonekera. Kuwonjezera apo, lamulo la chingwe cha netiweki cha kopa ndi lakuti chisapose mamita 100, koma chopita kuchipata cha kumbuyo chinapyola pamenepo ndithu. Ndipo chopita ku PLC chinagonekedwa m'ngalande imodzi ndi mawaya akuluakulu ochoka ku ma drive kupita ku mamota. Ma drive amadula ndi kulumikiza magetsi kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo phokoso lamagetsi limene amatulutsa limalowerera m'chingwe chopanda chotchinga n'kumaononga mauthenga.

Kudziwa chinali chinthu china, kuwakhutiritsa abwana chinalinso china. Mawu a munthu woganiziridwa kuba salemera. Madala aja anandilangiza kuti ndisakalankhule zambiri, ndikangoonetsa. Ndinapita ku ofesi dzuwa lili paliwombo.

"Abwana, ndikupempha mphindi zochepa chabe. Kiyi uyu, mugwire ndinu."

Ndinatuma anyamata ndi makwerero kuti akavindikire makamera onse ndi majumbo akuda. Kamera ikaona mdima simafunsa kuti ndi nthawi yanji, imangoyatsa timababu take. Abwana ali chiimire kutsogolo kwa sikirini, kiyi ali m'manja mwawo, bokosi lili lokhoma, makamera atatu aja anazima masanasana. Kenako ndinawapempha kuti atsegule okha, achotse chingwe cha kamera yoyang'ana galimoto zawo pa nambala 1 n'kuchiika pa 8, cha pachipata cha kumbuyo achiike pa 1. Anatero. Ya pachipata inakhalabe yoyaka, ya galimoto n'kuzima. Anabwerezanso kachiwiri osalankhula kanthu. Atatembenuka nkhope yawo inali itagwa.

"Bambo, takulakwirani," anatero.

"Abwana, ine ndikadali pantchito. Amene mwawalakwira kwambiri ali kunyumba."

Tsiku lomwelo ndinachita zimene zikanatheka popanda ndalama zambiri. Ndinapemerera fumbi, ndinasamutsa bokosi kupita pakhoma la mthunzi, ndipo makamera atatu aja ndinawapatsa magetsi kuchokera ku tizipangizo tapadera, ma injector, kuti switch ipepukidwe. Usiku umenewo onse asanu ndi atatu anaona mpaka kucha. Koma ndinkadziwa kuti uku n'kumanga bala ndi nsanza, ndipo nkhondo yeniyeni inali ya ku ofesi ya ndalama. Kwacha inali itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chomwecho, madola ankasowa m'mabanki, ndipo switch yopangidwira fakitale imadula kangapo kuposa ya mu ofesi. Akauntanti anandifunsa, "Amisiri, switch ndi switch, nanga iyi ili ndi golide m'kati?" Sindinakangane nawo. Ndinabweretsa buku la oyendetsa makina, losonyeza matani amene anabwezedwa mwezi umenewo, mafuta a jenereta amene anapsa pogaya kachiwiri, ndi matumba amene anabedwa, n'kuwapempha kuti awonkhetse okha popeza masamu ndi ntchito yawo. Atamaliza anasaina.

Katundu anachokera ku Johannesburg. Nditatsegula katoni ndinadabwa ndi kuchepa kwa switch yatsopanoyo, koma poinyamula inali yolemera. Switch ya mufakitale ilibe fani, thupi lake lonse ndi chitsulo chokhala ndi mizere yotulutsira kutentha, motero palibe chokokera fumbi m'kati. Zimene tinagula zinalembedwa kuti zimapirira kuyambira madigiri 40 pansi pa ziro mpaka 75. Zimakoleka pa kanjanji kachitsulo ka mamilimita 35 kamene PLC ndi ma breaker amakolekapo, m'panelo momwemo. Zili ndi polowera magetsi pawiri, kuti gwero lina likafa linalo lipitirize popanda kuphethira. Zathuzo zimalandira mavolti 24 a m'batire, omwewo amene PLC imagwiritsa ntchito, n'kuwakweza zokha kufika pa mavolti amene makamera amafuna. Ichi chinali chamtengo wapatali kwa ife, chifukwa magetsi akathima, nthawi imene jenereta ikudzuka netiweki yonse imakhala ikuyendabe pa mabatire. Palinso timawaya tiwiri ta alamu timene ndinalumikiza ku PLC, kuti gwero limodzi la magetsi likafa kapena chingwe chikaduka, woyendetsa makina aone pasikirini nthawi yomweyo.

Anthu ena amaganiza kuti PLC nayo imadya magetsi a PoE. Nthawi zambiri si choncho, imakhala ndi gwero lakelake. Zimene zimadya magetsi a m'chingwe ndi makamera, mafoni a netiweki, tizipangizo ta Wi-Fi, zowerengera makadi pazitseko ndi masensa ena. Ubwino wake ndi wakuti kuchipata kapena pamwamba pa nkhokwe sikufunikanso kukokera waya wa mavolti 230, ndipo m'fakitale ya fumbi ngati yathu, malo aliwonse amene tachepetsa mawaya a magetsi aakulu ndi malo amene tachepetsa ngozi ya moto.

Chimene ndimachikonda koposa ndi chakuti switch zimenezi zimalankhula. Ndikatsegula laputopu ndimaona mawati amene port iliyonse ikudya pa nthawi imeneyo, ndi amene atsala. Ndimasankha ndekha kuti mphamvu zikachepa ayambe kudulidwa ndani, ndipo kamera ya pachipata cha kumbuyo ndinaiika pamwamba pa onse. Kamera ikauma mutu ndimaizimitsa n'kuiyatsanso ndili pampando, osakwera makwerero. Mauthenga a makamera, amene ndi ochuluka zedi, ndinawapatula ku mauthenga a PLC, amene ndi ochepa koma osafuna kuchedwa ngakhale pang'ono. Zikanakhala kuti switch yakale ija inkasunga mbiri ya zochitika zake ngati izi, alonda aja sakanachoka, chifukwa mzere umodzi wonena kuti port yadulidwa kaamba ka kuchepa kwa mphamvu ukanathetsa mlandu wonse m'mawa woyamba.

Sindikunena kuti switch ya mu ofesi ndi yoipa. Mu ofesi, pamthunzi, ikudyetsa mafoni angapo, imagwira ntchito zaka. Cholakwika ndi kuitenga n'kuiika pakati pa fumbi, kutentha ndi mamota, kenako n'kuisenzetsa chitetezo cha katundu ndi mbiri za anthu. Komanso si chilichonse cholembedwa kuti ndi cha mufakitale chimene chilidi chotero. Wogula aziwerenga pepala la wopanga ndi maso ake, aone mawati a ma port onse pamodzi, aonenso ngati mawatiwo satsika switch ikamalandira mavolti 24 m'malo mwa 48, pakuti zina zimatsika kwambiri. Awerengere zimene makamera amadya usiku, osati masana, n'kusiyako malo. Ndipo achenjere ndi ma injector ena a mavolti 24 amene amabwera ndi mawailesi olumikizira netiweki patali. Amenewo sagogoda, amangothira magetsi m'chingwe kaya kumapeto kuli chiyani, ndipo chipangizo chosayenera chikalumikizidwa chingathe kupsa pomwepo. Kwathu ndinawapaka penti yofiira kuti anyamata ophunzira ntchito asawasokoneze.

Panatsala mdani mmodzi amene tinkamudziwa kale, mphezi. Dzinja lililonse fakitale inkataya zipangizo za kusikelo, ndipo anthu anazolowera kuti ndi mmene mvula imachitira. Mphezi sifunika kugunda nyumba yeniyeniyo kuti iononge. Ikagwa pafupi, nthaka ya pansi pa nyumba ina imakhala ndi mavolti osiyana kwambiri ndi ya pansi pa nyumba inzake kwa kanthawi kochepa zedi, ndipo chingwe cha kopa cholumikiza nyumba ziwirizo chimasanduka njira ya kusiyanako. Zimene zili kumapeto onse awiri zimapsa. Choncho pakati pa nyumba ndi nyumba tinachotsa kopa n'kuika faiba, imene ndi galasi ndipo sidutsitsa magetsi. Faiba inathetsanso vuto la mamita 100 ndi la phokoso la ma drive. Koma popeza sinyamula magetsi, kuchipata ndi kusikelo tinaikako switch yaing'ono yokhala ndi gwero lake ndi batire yake, kuti zingwe za kopa weniweni zochoka pamenepo kupita ku makamera zikhale zazifupi. Chilichonse chotuluka panja tinachiikira chotetezera ku mphezi, ndipo tinakhoma ndodo za earth n'kuziyeza ndi mita, chifukwa chotetezera chopanda earth yabwino chilibe kotayira mphamvuyo.

Madala aja anabwera kudzaona ntchito tikukumba ngalande, ndipo ndiwo anandiuza kuti faibayo ndisaiyale ngati mzere wokhala ndi kumapeto, koma izungulire n'kubwerera pamene yayambira. Anati kumigodi ankatero chifukwa miyala imagwa nthawi iliyonse. Ma switch akalumikizidwa mozungulira chotero, amatseka dala mbali imodzi n'kumaisunga, ndipo chingwe chikaduka penapake amatsegula mbali inayo. Njira imene tinagwiritsa ntchito, yotchedwa MRP, imachita zimenezi pasanathe mamilisekondi 200, ndipo tinaiuza PLC kuti izidikira kupyola pang'ono pamenepo isanaimitse makina.

Mvula itagwa zonsezi zinayesedwa. Mphezi inagwa pafupi ndi sikelo usiku wina mpaka mawindo ananjenjemera. M'mawa ndinapeza chotetezera chimodzi chitada, koma switch, kamera ndi sikelo zili moyo. Ndinasintha kachipangizo kotchipako basi. Tsiku lina aganyu okumba ngalande ya madzi anadula faiba ndi khasu. Alamu inaonekera pasikirini, koma makina anapitiriza kusakaniza, ndipo oyendetsa makina sanakhulupirire mpaka nditawatengera kukaona chingwe chili pawiri m'matope. Akuba nawo anabweranso, osadziwa kuti zinthu zasintha. Anajambulidwa bwinobwino, nkhope zawo ndi lole imene inkawadikira kuseri kwa mpanda. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa pafakitale pathu. Nkhaniyo inapita m'manja mwa apolisi.

Ndikuyamika Mulungu amene anamva kulira kwa m'nyumba mwanga. Sananditumizire loto kapena chozizwitsa chooneka ndi maso. Anayankha kudzera m'mawu a mayi a kunyumba, m'funso la madala a ku Kitwe, ndi mwa akapitawo amene anavomera kuchezera usiku ndi munthu amene anzake onse ankamuthawa. Mwana wanga anabwerera kusukulu mutu uli m'mwamba, ndipo abwana anaimirira pamsonkhano wa antchito onse n'kunena poyera kuti ndinalibe mlandu. Si mabwana onse amene angachite zimenezo, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha ichi.

Koma mtima wanga sunakhazikike mpaka nkhani ya alonda itakonzedwa. Ndinkawakumbutsa abwana mosatopa, ndipo pamapeto pake analemba makalata awiri owayeretsa ndi kuwaitana kuti abwerere, pamodzi ndi malipiro a miyezi imene anakhala pakhomo. Mnyamata uja anabwerera, ndipo lero ndi amene amandiimbira foni akaona kamera ikuchita zachilendo. Kalata ya bambo achikulire aja ndinapempha kuti ndikapereke ndekha ku Dedza. Ndinawapeza akupalira mbatata ya kachewere kudimba. Tinakhala pansi pa mtengo ndipo ndinawawerengera kalatayo, kenako n'kuwafotokozera za timababu tofiira, za mawati 65, ndi za majumbo akuda.

"Mwana wanga, zamagetsizo sindikuzimva," anatero, "koma ndamva kuti alemba kuti sindinabe."

Anakana kubwerera ku ntchito, anati mawondo atopa ndipo pachipata chimene anatulutsidwapo ngati mbava sangakaimepo ndi mtima umodzi. Ndalama analandira. Koma anandipempha kuti ndisanyamuke msanga, tipite limodzi kwa amfumu, chifukwa mbiri yakuti anachotsedwa ntchito kaamba ka kuba inali itawatsogolera kumudziko, ndipo ena anali atasiya kuwasungitsa ndalama za kumpingo. Amfumu anaitanitsa anthu madzulo omwewo, kalatayo inawerengedwa pabwalo, ndipo ine ndinaimirira n'kuchitira umboni kuti zolembedwazo ndi zoona.